Mawu a Pabwalo ndi Mawu a Pamoto

Kope limene mayiyu ankalembamo mawu a Chingerezi linali la ana a sukulu, la chikuto chobiriwira ndi mapepala a mizere yopingasana. Tsamba lililonse analigawa pakati: kumanzere liwu la Chingerezi, kumanja tanthauzo lake m'Chivietinamu. Analiyamba m'chaka cha 2014, ali ndi zaka 32, mumzinda wa Huế, m'mphepete mwa mtsinje wa Hương, kumene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala atatsiriza maphunziro a ntchitoyo pa yunivesite. Mwamuna wake anali atatsogola kale ku Melbourne, m'dziko la Australia, ndipo iye anatsala ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi. Kuti akapitirize ntchito yake kumeneko, m'malo mokatsuka mbale m'nyumba zodyera monga anachitira anzake ena ophunzira bwino, anayenera kupambana mayeso a IELTS mosatsika pa 7 m'magawo onse anayi: kumva, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula. Malikisi a mayesowa amalekeza pa 9. Iye anali atayesapo kamodzi n'kupeza 5.5.

Munthu wa 5.5 si mbuli ya chiyankhulo. Amatha kufunsa njira, kunenerera mtengo pamsika, kufotokoza za banja lake ndi kulemba kalata yopempha tchuthi. Chimene chimamutopetsa n'chakuti amayenda koma saona kuti akusuntha. Mawu 2,000 oyambirira, onga amene Michael West anawasonkhanitsa mu 1953 pa mndandanda wake wa General Service List, ali ngati anansi a pamudzi: munthu amakumana nawo m'mawa ndi madzulo, ndipo ngakhale asafune amawadziwa mayina. Pa mawu khumi alionse a m'nkhani wamba, pafupifupi asanu ndi atatu amachokera m'gulu limeneli. Komatu awiri otsalawo ndiwo amasenza nkhaniyo. Mu 2006 Paul Nation, wa pa yunivesite ya Victoria ku Wellington, anawerengera kuti wofuna kuwerenga nyuzipepala kapena buku la nthano popanda kuthamangira ku mtanthauziramawu pafupipafupi amafunika mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000. Mawu a pakati pa 2,000 ndi 9,000 amenewo sakhala pamudzi. Ndi alendo obwera kamodzi pa chaka, ndipo akamadzabweranso mwini nyumba amakhala ataiwala nkhope zawo.

Kwa Mfalansa kapena Mtaliyana, ambiri mwa alendowa ndi abale ake amene angosintha malaya. Akaona liwu lakuti "consequence" kapena "administration" amalizindikira lisanadzitchule. Wa ku Vietnam alibe mwayi umenewo. Chiyankhulo chake ndi cha banja lina kotheratu, la Austroasiatic, limene mulinso Chikhmer cha ku Cambodia. N'zoona kuti Afalansa, amene ulamuliro wawo unatha mu 1954, anasiyamo mawu, koma ambiri ndi a kukhitchini ndi a kusiteshoni: "cà phê" kutanthauza khofi, "bơ" batala, "xà phòng" sopo, "ga" siteshoni ya sitima. Palibe limodzi mwa amenewa limene lingathandize munthu kulemba ndime yofotokoza zotsatira za kuchulukana kwa anthu m'mizinda.

Panalinso vuto la khutu. M'Chivietinamu phatikizo lililonse limalembedwa palokha ndipo mawu sasintha maonekedwe: mneni satenga aphatikiri osonyeza nthawi, dzina silisintha likamanena zinthu zambiri. Chimene chimasiyanitsa mawu ofanana ndi kukwera ndi kutsika kwa kamvekedwe. M'kayankhulidwe ka ku Hà Nội, phatikizo limodzi lakuti "ma" limabala mawu asanu ndi limodzi: mzukwa, tsaya, mlumikizi wakuti koma, manda, kavalo, ndi mbande ya mpunga, ndipo ku Huế lomalizalo, "mạ", ndilo ana amaitanira mayi awo. Wodziwa Chichewa sangadabwe kwambiri, popeza mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalekana pa kamvekedwe kokha. Koma khutu loleredwa motero limasokera m'Chingerezi, m'mene malo ogogomeza amasamuka liwu likatalika. Mayiyu ankadziwa "pharmacy", ankadziwanso "pharmaceutical" pa pepala; koma tsiku limene anamva lachiwirili pa zomvetsera za mayeso, litagogomezedwa pa phatikizo lachitatu, linamudutsa ngati mlendo, chonsecho linali liwu la ntchito yake yomwe. Ndiponso Chivietinamu sichiunjika malembo opanda liwu kumapeto kwa mawu, kotero "strengths" linali kwa iye ngati chitseko cha maloko atatu. Liwu lililonse latsopano ankaliphunzira kawiri, kamodzi ndi maso, kachiwiri ndi makutu.

Bambo ake ndiwo anamutsegula maso, ndipo kuti zimveke chifukwa chake anali iwowo, m'pofunika kunenapo za mibadwo ya banjalo. Agogo a bambowo anaphunzira malembo a Chitchaina pokonzekera mayeso olowera ntchito za boma la mafumu, mayeso amene analembedwa komaliza ku Huế komweko mu 1919. Mwana wawo anaphunzira Chifalansa. Bambo a mayiyu anayamba ndi Chifalansa ndi Chingerezi pang'ono, koma nkhondo itatha mu 1975 anatumizidwa kukaphunzira Chirasha, nakhala mphunzitsi wa chiyankhulocho pa sekondale. Soviet Union itagwa mu 1991 makalasi a Chirasha anaphwa ngati dziwe la m'chilimwe, ndipo iwo, monga aphunzitsi ena ambiri a Chirasha, anasandutsidwa aphunzitsi a Chingerezi, namaphunzira usiku m'mabuku a Streamline phunziro lokaphunzitsa m'mawa mwake. America inachotsa chiletso cha malonda mu 1994, Vietnam inalowa m'bungwe la ASEAN mu 1995, ndipo kuchokera pamenepo Chingerezi chinasanduka khomo la ntchito. Mibadwo inayi inaphunzira ziyankhulo zachilendo zinayi, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene banjalo linadzisankhira.

Tsiku lina madzulo anamupeza mwana wawo akung'ung'udza pa kope lake. Chinamukwiyitsa chinali chakuti Chingerezi sichikhutira ndi liwu limodzi. Anali atadziwa kale "ask", "buy", "begin" ndi "help". Tsono buku la mayeso linkafuna kuti adziwenso "inquire", "purchase", "commence" ndi "assist", mawu amene kumanja kwa tsamba ankalandira matanthauzo omwe aja.

"Ba," anatero, pakuti ku Huế ndimo amaitanira bambo, "anthu amenewa amafuniranji mawu awiri pa chinthu chimodzi? Kodi n'kungofuna kutizunza ife?"

Bambowo anatenga cholembera nalemba mawu awiri pansi pa tsamba, "thuốc" ndi "dược". Onsewa amatanthauza mankhwala.

"Con," anatero, ndiko kuti mwanangu, "tsiku lonse umagulitsa thuốc. Nanga bwanji pa satifiketi yako ya ku yunivesite sanalembe kuti ndiwe wogulitsa thuốc, koma analemba kuti ndiwe dược sĩ? Makwerero amenewa wakhala ukukwera chibadwire. Sunawaone chifukwa unabadwira pomwepo."

Ankanena zoona. Dziko la Vietnam linakhala pansi pa ulamuliro wa China kwa zaka pafupifupi 1,000, kuyambira mu 111 Yesu asanabadwe kufikira pamene Ngô Quyền anapambana nkhondo ya pa mtsinje wa Bạch Đằng mu 938, ndipo ngakhale pambuyo pake Chitchaina chinakhalabe chiyankhulo cha malamulo, cha m'makachisi ndi cha ophunzira kwa zaka zina mazanamazana. Zotsatira zake n'zakuti Chivietinamu chili ndi nkhokwe ziwiri za mawu. Pali mawu obadwira, a pamoto, amene mayi amayankhula ndi mwana wake. Palinso mawu ochokera ku Chitchaina, otchedwa Hán Việt, a pabwalo, amene amalembedwa m'malamulo, m'mabuku a sayansi ndi pa zikwangwani za boma. Mkazi ndi "đàn bà" pamoto koma "phụ nữ" pabwalo. Dziko ndi "nước" pamoto, liwu lomwelo lotanthauza madzi, koma "quốc gia" pabwalo. Nacho Chingerezi chinadzera njira yofanana. Anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi cha m'makhoti kwa mibadwo ingapo. Mayina a ziweto anatsala a Chingerezi chakale, "cow", "pig", "sheep", pamene mayina a nyama yake ya pa tebulo, "beef", "pork", "mutton", anachokera ku Chifalansa. Pambuyo pake ophunzira a m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 anatunga mawu ochuluka ku Chilatini ndi Chigiriki. Zimene mabuku a mayeso amazitcha mawu apamwamba a Chingerezi, kwakukulukulu, ndiyo nkhokwe yachiwiriyi.

Mayiyu anagula kope lina naligawa panayi m'malo mwa pawiri: pamoto ndi pabwalo pa Chingerezi, pamoto ndi pabwalo pa Chivietinamu. Ndipo anaona kuti si mawu athunthu okha amene ankayenderana, komanso tizidutswa take, ngati mphika ndi chivundikiro chake. "Thủy" wa madzi anakumana ndi "hydro", "địa" wa nthaka anakumana ndi "geo", "sinh" wa moyo ndi "bio". "Học" wa kumapeto, wotanthauza maphunziro, anali "logy", kotero "sinh học" ndi "biology" anali nyumba imodzi yomangidwa ndi njerwa za mayiko awiri. "Hóa" anali "ize", ndipo "hiện đại hóa" anali "modernize". "Tiền" ndi "hậu" anali "pre" ndi "post". "Bất" ndi "vô", okana, anali "in" ndi "un". Liwu lalitali linaleka kukhala khoma, linasanduka mtolo wa nkhuni umene munthu angaumasule n'kuwerenga nkhuni zake. Anatenga mndandanda wa Academic Word List, umene Averil Coxhead anatulutsa m'chaka cha 2000, wa mabanja a mawu 570 amene amadzaza pafupifupi liwu limodzi pa khumi alionse m'mabuku a ku yunivesite, nawuika pa foni m'pulogalamu ya Anki. Pulogalamuyi imatsamira pa zimene Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885, kuti kuiwala kwambiri kumachitika munthu atangophunzira kumene. Choncho imabweza liwu pamaso pa wophunzira nthawi imene latsala pang'ono kumuthawa. Mvula ya ku Huế, imene imagwa kuyambira mu September mpaka December ndipo imatha masiku osakata, inamuthandiza: makasitomala ankachepa, iye n'kumatembenuza mawu kuseri kwa kauntala. Mu 2016 anapeza 7.5 pa kuwerenga ndi 7 pa magawo ena atatu.

Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ophunzira ambiri amawalowezetsa mindandanda popanda wowauza kuti kiyi ali naye kale m'thumba la chiyankhulo chawo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kufanana kwa makwerero awiriwa kunamuthandiza mpaka pa khomo la mayeso. Kupitirira pamenepo kunayamba kumunamiza.

Chizindikiro choyamba chinabwera m'Chivietinamu chomwe, ku Footscray, dera la Melbourne limene muli anthu ambiri ochokera ku Vietnam. Amalume a mwamuna wake, amene anachoka kwawo pa bwato mu 1980, anamufunsa ngati anadikira nthawi yaitali pa "phi trường". Iye anayankha kuti pa "sân bay" panalibe vuto. Mawu onsewa amatanthauza bwalo la ndege, loyambalo la Hán Việt, lachiwirilo lobadwira. Koma loyambalo ndilo linkagwiritsidwa ntchito kummwera 1975 isanafike, pamene lachiwirilo linafalikira m'dziko lonse pambuyo pake, kuchokera kumpoto kumene atsogoleri ankalimbikitsa mawu obadwira. Amalumewo anakhala chete kamphindi. Ndi liwu limodzi laling'ono mayiyu anali atanena, mosadziwa, dziko limene linamulera ndi mbendera imene anakulira pansi pake. Mtanthauziramawu akanangoti mawu awiriwa ndi ofanana.

Atatsiriza mayeso ena a ntchito ndi chaka chophunzira moyang'aniridwa, anaimanso kuseri kwa kauntala mu 2018, m'sitolo ya mankhwala ya kumadzulo kwa mzindawo. Ndipo apo anapeza kuti odwala sayankhula mawu 570 aja. Bambo wina anamuuza kuti ali "crook", limene kwa anthu a ku Australia limatanthauza kudwala, pamene iye ankalidziwa monga dzina la mbava. Wosanza sankati "vomit" koma "throw up". Ankamufunsa kuti mankhwala adzachita "kick in" liti ndipo adzachita "wear off" nthawi yanji. Gogo wina anati sangathenso kuchita "put up with" ululu. Mawu atatu onsewo mayiyu anawaphunzira ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma ataima pamodzi anakhala chinthu china chimene tanthauzo lake, kupirira, silipezeka mwa lililonse la iwo. Palibe muzu wa Chilatini wokumba pamenepo. Naye ankawadabwitsa: kangapo anauza odwala kuti achite "drink" mapiritsi, chifukwa Chivietinamu chimati "uống thuốc", kumwa mankhwala, monga chimanenera Chichewa, pamene Chingerezi chimati mankhwala amatengedwa.

Nthawi zina ankaona kuti chosauka ndi Chingerezicho. Mpunga uli m'munda ndi "lúa", wopunthidwa koma wosakonola ndi "thóc", wokonola ndi "gạo", wophika ndi "cơm". Chingerezi chimati zonsezo ndi "rice", ngati munthu atatchula chimanga, mphale, ufa ndi nsima ndi dzina limodzi. Koma umphawi umene unamupweteka kwenikweni unali wa alowam'malo. M'Chivietinamu munthu sayankhula ndi mnzake asanamuike pa malo ake: wamkulu pang'ono ndi "anh" kapena "chị", wamng'ono ndi "em", woposa makolo ako msinkhu ndi "bác", wa msinkhu wa agogo ndi "ông" kapena "bà", ndipo woyankhulayo naye amadzitcha mwana kapena mdzukulu molingana. Chingerezi chinamupatsa "you" mmodzi yekha wa khanda ndi wa nkhalamba. Kunena "you" kwa munthu wa imvi kunali kwa iye ngati kumulozera chala. Tsono ulemu umene unasowa pokhala mu mlowam'malo anausamutsira ku mawu aatali. Kwa okalamba sankati adye kaye asanamwe mapiritsi. Ankati achite "consume" chakudya "prior to" mankhwalawo. Iye ankamva kuti akugwada. Iwo ankamva ngati akuwerengeredwa kalata ya ku ofesi ya msonkho.

Kuseri kwa mpanda wa nyumba yawo kunkakhala gogo wina wachizungu ndi mwamuna wake. Ankaponyera mandimu pa mpandapo, ndipo anaphunzitsa kamtsikana ka mayiyu kuluka. Gogoyo anaumirira kuti azimutchula dzina lake loyamba. Mayiyu pakamwa panakana, ndipo mapeto ake anagwirizana kuti aziwatchula "bác", gogoyo atauzidwa tanthauzo lake n'kulikonda. M'nyengo yozizira ya 2019 mwamuna wa gogoyo anamwalira.

Mayiyu anakhala mausiku awiri pa khadi la chipepeso. Kwawo nkhani ya imfa ndiyo imene makwerero aja amaonekera bwino kwambiri. "Chết" ndi kufa kwa galu kapena kwa mdani. "Mất", kutayika, ndi "qua đời", kudutsa moyo, n'zofatsa. Koma pa chidziwitso cha maliro a munthu wamkulu amalemba "từ trần", liwu la Hán Việt lotanthauza kutsanzika dziko la fumbi, ndipo pa nsalu za nkhata za maluwa amalemba "phân ưu", kugawana chisoni. Kumeneko munthu akakwera makwerero amayandikira womwalirayo ndi ulemu wochuluka. Liwu la pabwalo ndilo lofunda. Motero anatsegula mtanthauziramawu ndi lamulo limenelo m'mutu. "Died" anaona kuti ndi "chết", sangalembere bác zimenezo. "Passed away" anaona kuti ndi timawu tiwiri ta pamoto. Pamwamba pake anapeza "expire", ndipo atalimasula monga anazolowera anapeza "ex", kunja, ndi "spirare", kupuma: kutulutsa mpweya wotsiriza. Linamukomera kwambiri. Ankalidziwa ndithu pa mabokosi a mankhwala, pamene limanena tsiku lotha mphamvu, koma anaganiza kuti, monga mawu ena ambiri, lili ndi tanthauzo wamba la zinthu ndi tanthauzo lolemekezeka la anthu. Sanafunse mwamuna wake, sanafunse mwana wake wa zaka zisanu ndi zinayi amene akanamuuza nthawi yomweyo. Safunsa anadya phula. Analemba ndi dzanja lake labwino kuti, "I was informed that your husband has expired. Please accept my condolences."

Panapita sabata. Tsiku lina akuyanika zovala anamva gogoyo akumuitana pa mpanda, khadi lili m'manja.

"Mwanangu, khadi lako ndinalandira, zikomo. Koma mwamuna wanga sanali botolo la mkaka."

Ndipo gogoyo anaseka, kuseka kwake koyamba chichitikireni maliro, anaseka mpaka kusekako kunasanduka kulira, atagwira thabwa la mpanda. Mayiyu anaima ndi malaya onyowa m'manja, nkhope ikutentha.

"Pepani, bác. Ndimafuna kuwalemekeza. Nanga ndikanati chiyani?"

"Ukanangoti wamva chisoni. Anafa, mwanangu. He died. Liwu lake ndi lomwelo."

Kusanthula kwake kwa liwulo kunalibe cholakwa. Muzu unali womwewo, tanthauzo linali m'buku, ndipo m'mabuku akale a Chingerezi ndi m'mafayilo a zipatala zina liwulo limanenadi za imfa ya munthu. Cholakwika chinali kuganiza kuti makwerero ofanana maonekedwe amatsamira pa khoma limodzi. M'Chingerezi cha masiku onse, chisoni chikafika anthu amatsika, sakwera. Liwu la Chilatini nthawi zambiri limaimika munthu patali: ndi la apolisi, la a inshuwalansi, la fomu yodzaza. Ndipo ngakhale limeneli si lamulo lokwanira, pakuti "condolences", la Chilatini lomwelo, linali pamalo pake ndipo gogoyo sanalitchule n'komwe. Palibe chizindikiro pa nkhope ya mawu awiriwa chosonyeza kuti limodzi lingalowe m'nyumba ya maliro ndipo linalo litsale pa shelefu ya mankhwala. Zimenezo zimadziwika pokhala pakati pa eni ake nthawi yaitali, ndi pochita manyazi kangapo. Olemba ndondomeko ya malikisi a IELTS amadziwa zimenezi, pakuti pa 7 amafuna mawu osapezekapezeka pamodzi ndi kuzindikira malo ake ndi mawu oyenda nawo. Koma ophunzira, ndi masukulu ambiri owakonzekeretsa, amamva theka loyamba lokha, chifukwa ndilo limatheka kuliika pa mndandanda n'kuligulitsa.

Kope lachitatu analigawa mwa mtundu wina. Kumanzere ankalemba chiganizo chonse monga anachimvera, ndipo kumanja sankalemba tanthauzo, koma amene ananena, kwa yani, ndiponso pamalo potani. "Hang in there": namwino kwa mayi wa mwana wodwala, pa foni. "Pop in any time": bác, pa mpanda. "Look after yourself": dalaivala wa basi wopuma ntchito, kwa iye, atalandira mankhwala ake a mtima. Kope limeneli linkadzaza pang'onopang'ono kwambiri kuposa awiri oyamba, ndipo munalibe liwu limene woyesa mayeso akanaliperekera malikisi.

Mu September 2021 bambo ake anagwidwa ndi sitiroko ku Huế, ndipo patapita masiku anayi anatisiya. Kuyambira mu March 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, Australia sinkalola nzika zake ndi okhazikika m'dzikomo kutuluka popanda chilolezo chapadera, nayo Vietnam inali itatseka zipata zake, ndipo Melbourne inali pa m'bindikiro wake wachisanu ndi chimodzi. Anaonera mwambo wa maliro pa foni yoimika pa botolo la shuga. Mchimwene wake atamupempha kuti alembe mawu a chidziwitso, "từ trần" linabwera lokha popanda kuganiza, pamodzi ndi "hưởng thọ", limene amalembera amene akhala ndi moyo zaka 60 kapena kuposa. Mawu a pabwalo amenewo anamugwira ngati dzanja.

M'mawa mwake anatuluka kuseri. Malamulo sankalola kulowa m'nyumba za ena, koma mpanda unalipo. Gogo uja anali kuthirira maluwa.

"Bác," anatero. "My dad died."

"Oh, love," anatero gogoyo, natula chothiririra pansi. "I'm so sorry."

Analowa m'nyumba nabwera ndi mphika wa supu, nauika pa nsanamira ya mpanda, nabwerera m'mbuyo mapazi awiri monga lamulo linkanenera. Kenaka anafunsa ngati mayiyu anakwanitsa kuyankhula nawo asanatsirizike.

Chimene mayiyu ankafuna kuyankha chinali liwu limodzi, "hiếu", ngongole ya mwana kwa makolo ake, imene mbali ina yake ndi kukhala pambali pa mphasa pa tsiku lotsiriza. Ndipo kutsogolo kwake kunali "bất" uja, wokana, amene anamulemba moyang'anizana ndi "un" masiku a mvula ku Huế. M'kope lachiwiri, kumbali ya pabwalo, analemba kuti "hiếu" ndi "filial piety". Mawu awiriwo anali pa lilime, olondola, a malikisi 8 kapena 9, ndipo anadziwa kuti sangawoloke mpandawo.

"I should have been there," anatero.

Gogoyo sanamutsutse. Anafunsa kuti bambowo anali munthu wotani. Mayiyu anayamba kufotokoza za mphunzitsi wa Chirasha amene ankakhala pansi pa nyali mpaka pakati pa usiku, akubwereza yekha ziganizo za phunziro la mawa kuti ana a zaka khumi ndi zitatu asamugwire kuti nayenso wangoliphunzira kumene. Anafotokoza nthawi yaitali, akulakwitsa nthawi za aneni ndi kumeza malembo a kumapeto, supu ikuzizira pa nsanamira.